Kampopi Kosamvera Chala

Ndinachotsa chala, koma asidi sanaleke kutsika.

Ankangotsikabe chuu, kuchokera m'chubu chachitali chagalasi chija amati byureti, kugwera m'kabotolo kanga. Madzi amene anali achikasu anasanduka alalanje, pamene ndinayenera kuimira penipeni, kenaka anafiira psu ine ndikuyang'ana. Ndinakweza dzanja m'mwamba, ngati kuti vuto linali lakuti sindinalichotse mokwanira. Mutu unangoti balala. Pamene nzeru zimabwerera kuti kampopi kakunsi kwa chubu ndi kamene kakufunika kutseka, ndinakagwira n'kukapotoza, koma kanangozungulira. Asidi analeka pang'ono, nayambanso, naleka, nayambanso, mpaka chubu chonse chinatsala mbee.

Amenewa anali mayeso, m'labu ya pasukulu ya mwana wanga wachisamba, ndipo mwana wangayo anali ataima tsidya lina la tebulo lomwelo, naye akulemba.

Nthawi imeneyo ndinali mayi wa ana atatu, wogwira ntchito yothandiza m'wodi kuchipatala: kukolopa, kusintha nsalu za pabedi, kukankha odwala panjinga. Unamwino ndinkaulakalaka kuyambira kalekale, koma sayansi amene ndinalephera ndili mtsikana ndi amene ankanditsekera khomo. Sukulu ya anamwino inali ndi malire a zaka, ndipo chaka chimenecho chinali changa chomaliza. Ndikanalephera, basi, ndikanakalamba ndi chikolopa m'manja.

Ndinalowa sukulu yamadzulo. Kumeneko labu kunalibe, ngakhale kabotolo kagalasi kamodzi koti munthu n'kuloza. Chimene tinali nacho ndi mphunzitsi wathu, wowonda, wolankhula mothamanga, amene tinamupatsa dzina loti a Linki, chifukwa funso lililonse yankho lake linali lakuti akutumizirani linki. Sindikuwanyoza ayi, munthu uja anatithandiza. Ankafufuza masamba a pa intaneti aulere n'kutisankhira abwino okhaokha: lina la mavidiyo ofotokoza pang'onopang'ono, lina la mafunso lokuuza pomwepo pamene walakwitsa, ndi lina limene ine ndinalikonda kuposa onse, la labu ya pafoni. Mmenemo munali byureti, kabotolo, asidi, zonse. Ukadina kampopi ndi chala, asidi ankatsika. Ukachotsa chala, ankaleka.

Nthawi yopuma kuntchito anzanga akamakamba za amuna awo, ine ndinkakhala kuseri kwa chipinda chochapira, pamene intaneti ya chipatala inkafika bwino, n'kumadontheza asidi wanga. Ndinafika poti ndikanatha kuchita ndili m'tulo. Foni inkandipatsa kachizindikiro kobiriwira koti ndakhoza, ine mtima n'kumati myaa. Masamu ake ndinawadziwa, kuwerenga mzere wa madzi diso lili molingana nawo ndinakudziwa, kugwedeza kabotolo ndinakudziwa. A Linki ankandiimiritsa kutsogolo kuti anyamata aone mmene a Anti akuchitira.

Mwana wanga yekha ndi amene sankagoma nazo. Kuyambira tsiku limene anamva kuti ife a sukulu yamadzulo tidzalembera ku labu ya kusukulu kwawo, nkhope inali ndwii. Anzake ankamuseka kuti adzalemba ataberekedwa kumbuyo. Kutatsala sabata, anandipeza ndikusita yunifolomu yake, foni ili pambali pa ayironi.

"Amayi, munayamba mwagwirapo byureti yeniyeni?"

"Imene ili m'fonimu ndi yabodza?"

"Si zimenezo. Ndimati mwina mawa mubwere tikaweruka, ndikapemphe aphunzitsi mungoigwirako."

Ndikanangovomera. Koma m'mawu ake ndinamvamo manyazi aja, manyazi a mwana amene akuopa kuti mayi ake akamuyalutsa pagulu, ndipo ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinamuuza kuti ndinamusintha matewera ndisanaonere vidiyo iliyonse, ndiye asandiphunzitse kugwira galasi. Ndinawonjeza kuti ngati akuchita nane manyazi anene, ndidzavala chigoba kumaso. Anangotenga siketi yake n'kulowa kuchipinda. Sabata yonseyo tinkalankhulana za mchere ndi makiyi basi.

Tsiku la mayeso anatiika motsata mayina a makolo, ndiye ine ndi iye tinapezeka tebulo limodzi, titayang'anizana, pakati pathu pali kashelefu ka mabotolo. Mayi woyang'anira mayeso, wamagalasi olendewera pachingwe, anayang'ana makadi athu awiri, n'kutiyang'ana ife.

"Ndinu pachibale?"

"Ndi mwana wanga, madamu."

"Ndiye mumve. Ndikangoona diso lapita tsidya linalo, kapena mlomo wagwedera, nonse awiri mutuluka, ndipo mayeso onse athera pomwepo."

Anauzanso chipinda chonse kuti aliyense wapatsidwa botolo limodzi la asidi, ndipo wotaya wake asayembekezere wina.

Tsono ndinali nditaima pamenepo, chubu chili mbee, kabotolo katadzaza madzi ofiira, ena atasefukira patebulo. Asidi wotsala m'botolo anali wongokwana kudzaza byureti kamodzi. Ndinayang'ana kumene kunali woyang'anira: anali kumapeto kwa chipinda, atawerama pa mnyamata wina wa kalasi yathu, amenenso dzanja lake linali m'mwamba ngati langa. Apo m'pamene ndinadziwa kuti tonse a kwa a Linki tagwa m'dzenje limodzi.

Ndinatenga kansanza n'kuyamba kupukuta tebulo, pang'onopang'ono, kuti manja apeze chochita. Ndinatsuka kabotolo, ndinayezamo madzi ena, ndinadonthezamo mankhwala osintha mtundu, madzi n'kukhalanso achikasu. Zonsezi foni inandiphunzitsa bwino. Chimene sinandiphunzitse ndi chimodzi: kampopi aka, kakakhala chotani ndiye kuti katseka? Poyamba ndinakapeza kali kotseka kale, ndipo sindinakayang'ane n'komwe. Pano ndinali nditakazunguza kambirimbiri. Chogwirira chake chinali chitaima motsata chubu, mwaulemu, ndipo m'maso mwanga chinkaoneka ngati chatseka.

Kufunsa woyang'anira ndinaopa. Ndinkaona ngati akangodziwa kuti sindidziwa ngakhale kutseka kampopi, azingondiyang'anitsitsa mpaka mapeto, ndipo mwana wanga amva ndi makutu ake mayi ake akufunsa funso la mwana wa sitandade wani. Paja amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinali nditalitenga kale m'manja.

Ndinaika fanulo yothirira asidi pamwamba pa byureti. Ndinatsegula botolo. Tsidya lina la shelefu sindinkayang'anako, koma munthu amene unamubereka umamumva ngakhale usakumuona, ndipo ndinamva kuti waleka kugwedeza kabotolo kake. Ndinanyamula botolo lija mpaka mlomo wake unagunda fanulo kuti ngwe.

Pomwepo kutsidyako kunamveka madzi akutayikira patebulo, kenaka pansi.

"Madamu!" Anali mawu a mwana wanga, okwera kuposa mmene amalankhulira. "Kampopi kanga kakutaya. Ndakapingasa kuti katseke, koma asidi akutulukabe m'mbali."

Ndakapingasa kuti katseke. Botolo lili m'mwamba chomwecho, ndinatsitsa maso. Kanga kanali chiimire, kotsegula kwathunthu. Ndikanathira, asidi yense wotsala akanangodutsa ngati madzi m'paipi. Ndinatsitsa botolo, n'kukapotoza kampopi mpaka chogwirira chinagona chopingasa.

Nsapato za woyang'anira zinabwera, go, go, go. Anaima pambali pa mwana wanga, navala magalasi, nagwira kampopi kaja. Ine maso anali pa tebulo langa, koma makutu onse anali kumeneko. Ndinkadziwa kuti akapeza kampopi kalibe vuto, tonse tapita, ndipo mwana amene anali woyamba m'kalasi mwake adzakhala pakhomo chifukwa cha mayi wosamva. Thukuta linatsika mumsana mpaka m'chiuno.

"Kamphira kake kotchinga kuti asidi asatayike kali kuti?" anafunsa woyang'anira.

"Sindikudziwa, madamu."

Anaitana bambo wosamalira labu. Bamboyo anagwada, nasuzumira pansi pa tebulo, nasuntha mipando, nanena kuti timphira timeneti timathothoka tikakalamba, ndipo kakagwa pansi sungakapezenso. Woyang'anira anazungulira tebulo n'kudzaima kumbuyo kwanga, pafupi moti ndinkamva fungo la sopo wake. Anayang'ana byureti yanga yopanda kanthu, kansanza konyowa, ndi kampopi kanga kopingasa bwinobwino. Anaima nthawi yaitali, ine ndikuthira asidi m'fanulo ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezi moyo wake wonse.

Potsiriza anauza bambo uja kuti amupatse mtsikanayo byureti ina. Za asidi anati lamulo ndi lomwe lija, agwiritse ntchito amene wamutsalira.

Tsopano nkhondo inatsala ya ine ndi dzanja langa. Ndinatsegula kampopi pang'ono, madontho nayamba kugwa. Ndinkadziwa kuti mtundu ukangosintha, chala chidzafuna kuthawa monga chinazolowera. Ndiye ndinakumbukira m'wodi, namwino akakhala kuti manja atanganidwa n'kundiuza kuti nditseke dilipi ya wodwala. Dilipi siileka chifukwa waisiya, umachita kuitseka. Ndinakulunga kampopi ndi dzanja lonse lamanzere, n'kudziuza kuti uyu ndi wodwala, ndipo sindimusiya. Dontho. Kugwedeza. Dontho. Chikasu chinayamba kuchita ngati chikufuna kusintha n'kubwerera. Dontho lina, madzi anasanduka alalanje, ndipo chala chinadumphadi, koma zala zinazo zinali zitagwira. Ndinapotoza. Asidi analeka.

Asidi amene anali m'chubu anandikwanira kuyesa kawiri, ndipo manambala awiriwo anayandikana. Masamu ake ndinawalemba mosavuta, mmene tsamba la mafunso lija linandizoloweretsera. Belu likulira n'kuti nditamaliza. Mwana wanga anali akulembabe mothamanga mpaka anachita kumulanda pepala.

Panja ndinapeza a Linki ataima pansi pa mtengo, atazunguliridwa ndi a kalasi yathu, aliyense akuwaonetsa mmene dzanja lake linakwerera m'mwamba. Munthu uja anagwira kumutu. Anati chaka chamawa, asanatumize linki ya labu, azidzayamba wabweretsa ndowa yokhala ndi mpopi kuti aliyense atsegule ndi kutseka mpaka dzanja lizolowere. Ena anaseka, ena ankalira.

Ine ndinkafuna mwana wanga. Ndinamupeza pageti, siketi itanyowa mbali imodzi. Ndinamufunsa ngati asidi anamukwanira, nati anayesa kamodzi kokha, kachiwiri anathera panjira. Ndinamufunsa za kampopi.

"Zinthu za m'labu muja n'zakalekale, amayi. Zimangothothoka."

Anatero akuyang'ana kumsewu, ndipo ine ndinamukhulupirira, chifukwa ndinkafuna kumukhulupirira. Ndinati Mulungu ali ndi njira zake, iye anati eya, n'kundilandira chikwama.

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi. Ndinakhoza, ndipo lero dilipi ndimaika ndekha. Mwana wanga anakhozanso, ngakhale sayansi, amene ankamudalira kwambiri, anamutsikira, moti aphunzitsi ake anadabwa. Koma tsiku limene limandibwerera si la zotsatira ayi. Ndi Loweruka la sabata ya mayeso ija.

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa, iye akuyanika zimene ndatsukuluza, atandifulatira. Nditafika pa siketi yake ya sukulu, ndinapisa m'thumba monga ndimachitira nthawi zonse, kuopa kuchapa mapepala. Chala chinatulukira kunja. Ndinatembenuza thumbalo: nsalu yake inali itadyeka timabowo ting'onoting'ono ngati yalumidwa ndi njenjete, ndipo pakona penipeni, pamene ulusi unali usanaduke, panali patakanirira kanthu kakuda.

Ndinakachotsa n'kukaika pachikhatho. Kanali kamphira kozungulira, kakang'ono ngati mphete ya khanda, kosang'ambika paliponse.

Ndinakweza maso. Mwana wanga anali akukung'untha malaya a mng'ono wake, zopanira zovala zili kukamwa, osatembenuka. Ndinangokhala pamenepo, thovu likuuma m'mikono, kamphira kaja nditakaveka kunsonga ya chala changa chija.