Ndere za Adona

Bizwick ankatsuka fosholo, mluzu uli pakamwa, pamene a Modester anatulukira kuseri kwa nyumba n'kugwetsa beseni la zovala.

"Mayo ine! Alamu, mwatani apa?"

"Ndapala ndere zonse. Taonani, miyala ikuchita kuwala!"

Linali tsiku lake lachiwiri pantchito ya m'gadeni ku Camps Bay, kudziko la eni. Anamupezera malowo ndi a Modester omwewo, amene anali atagwira ntchito m'nyumbamo zaka zisanu ndi zitatu. Kwawo ku Thyolo bwalo losapala ndi la munthu waulesi, ndiye Bizwick ataona zobiriwira zitamata miyala yonyowa ya pamthunzi, sanafunse munthu.

"Si ndere wamba zimenezo! Adona anachita kubzala. Zaka zinayi akuzipopera madzi, kuzibisa kudzuwa ngati khanda. Amaphunzitsira ana a ku yunivesite. Ine ngakhale kupondapo sindiyerekeza!"

Bizwick anakumbukira miyezi isanu imene ankaima pamsewu ku Wallacedene kudikira ganyu, ndipo mantha anamugwira zenizeni.

"Ndiye andichotsa?"

"Inu nokha? Amene ndinalumbira kuti mumadziwa za maluwa ndine!"

Bizwick anathamangira kubini ya zinyalala n'kukhuthula zonse pansi. Tizomerato tinali tathyathyathya ngati tizidutswa ta chiwindi, tina tili ndi timakapu pamwamba, koma titayamba kufota. Pageti panalira galimoto.

"Tinene kuti ndi nkhanga, zija zimafukula kuno," ananong'ona a Modester.

"Nkhanga yopala ndi fosholo, mlamu?"

Adona, mayi wa imvi mbuu, anatsika m'galimoto n'kuima kuyang'ana miyala ija. Bizwick anavula chipewa n'kugwada, Chingelezi chikumuthawa m'kamwa.

"Ndine, madamu. A Modester sanadziwe. Chotsani ine."

Adona anatola kachidutswa kamodzi pazinyalala paja n'kusuzumira m'timakapu take.

"Tinjere tili m'katimu tikhoza kumera, mwala ukapanda kuuma. Ndakupatsa mwezi umodzi. Tikakana kumera, upita pamodzi ndi amene anakubweretsa."

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse Bizwick ankagwada pamiyala paja ndi botolo lopopera, mtima uli m'mwamba, kufunafuna kadontho kobiriwira. A Modester ankamuyang'ana pawindo la kukhitchini. Tiyi ankamuikirabe pakhomo, koma moni anasiya.