Mphukira ya Malemu Dinny

"Pondani m'beseni la mankhwalalo, mayi," anatero Finbarr, woyendetsa boti, atangokocheza pachilumba.

"Nsapato zakutchalitchi izi? Ponda wekha, mwina fungo la nsombalo n'kuchepako!"

Mayi Nuala Harrington analambalala beseni lophera tizilombo ta ku nsapatolo, chikwama chili kukhwapa. Kwa iwo malamulo anali a alendo. Munda wa maluwa wapachilumbapo ankaudziwa kuyambira ali mtsikana, ndipo malemu amuna awo, a Dinny, anawafunsira banja momwemo, kuseri kwa dziwe. Chaka chatha maliro atatha, anazula mphukira pa chitsamba cha maluwa ofiira chimene a Dinny anadzala pakhomo, n'kudzaidzala mobisa kuseri kwa dziweko. Lero anabwera kudzaiona, ina ataikulunga m'kansalu konyowa.

Koma njira yakudziwe anaipeza yotseka ndi chingwe. Kutsogolo kunali utsi. Mitengo ya maluwa ija, imene inali yaikulu kale iwo asanabadwe, inali gone pansi, anthu akuidula n'kumaponya pamoto.

"Mayo ine!"

Mmodzi wa odulawo anavula chophimba kukamwa. Anali mwana wawo Orla, amene anagwira ntchito m'mundamo zaka khumi ndi ziwiri.

"Amayi, bwanji osayimba foni kuti mukubwera?"

"Ndiyambe kupempha chilolezo kwa mwana wanga? Ndani wakupatsani misala yodula mitengoyi?"

"Ndi matenda. Makungwa akuwola, masamba akuda. Tadula makumi atatu ndi umodzi." Orla anapukuta maso ndi mkono. "Dzulo tinapeza pamene anayambira. Kamtengo kachilendo kuseri kwa dziwe, komangirira ku ndodo ndi ubweya wobiriwira. Ubweya wa juzi ya bambo, amayi. Ndinauzindikira pomwepo."

Nuala anakumbukira masamba akuda aja pa chitsamba chapakhomo, amene iwo ankangoti ndi mphepo yakunyanja.

"Usauze munthu, mwana wanga."

"Ndanena kale. Lolemba kubwera anthu a zaulimi kunyumba. Chitsamba cha bambo achizula ndi mizu yomwe, achitenthe."

"Orla! Ndi chokhacho chimene anandisiyira chamoyo. Ndimachipatsa moni m'mawa uliwonse. Iwe ulibe chisoni?"

"Chisoni ndili nacho. Uwo wagwa apowo ndinkauthirira ndi manja anga chilimwe chilichonse. Ndaudula ndekha m'mawawu."

Macheka ankalirabe. Nuala anafuna kukalipa, koma panalibe womukalipira. Manyazi anawagwira, manyazi oipa, a munthu wamkulu pamaso pa mwana wake.

"M'chikwamamo muli chiyani?" Orla anafunsa motsitsa mawu.

Nuala anatsegula n'kutulutsa kansalu kaja. Pa tsamba limodzi la mphukirayo panali kale kadontho kakuda. Orla anailandira ndi magolovesi, anapita nayo kumoto osatembenuka.

Boti lomaliza linali la folo koloko, koma Nuala anatsikira kudoko isanakwane wani. Tiyi sanamwe.

"Mwabwerera msanga bwanji? Maluwa akukanani?" Finbarr anaseka.

Nuala analowa m'beseni la mankhwala lija ndi miyendo yonse iwiri, madzi akudzaza m'nsapato zakutchalitchi, n'kungoima momwemo.

"Basi, mayi, zakwana," anatero Finbarr, kuseka kutamuthera.

Iwo sanasunthe.