Maziro a Chipika

A Sizasi, amene ankameta anthu m'kachipinda ka pakona ya msewu, sankakhulupirira munthu. Kasitomala akayamikira mametedwe, iwo ankati akuwanyogodola. Akapanda kuyamikira, ankati wapeza wometa wina. Ndiye mwana wawo atasankhidwa kukasewera ragibi m'timu ya dziko pa mpikisano wa mayiko ambiri, anthu ankati mtima wa mdalayo tsopano ukhala pansi. Anthuwo sankawadziwa bwino.

Mwanayo ankatchedwa Chipika, ndipo dzinalo linamukhala: wamfupi, wotambalala, khosi losaoneka n'komwe. Ankavala nambala 3. Ntchito yake inali kutsogolo, pamene osewera amakolana mapewa, mitu pansi, n'kumakankhana ngati ng'ombe pakhomo la khola. A Sizasi masewerawo sankawamvetsa. Iwo anakulira mpira wa miyendo, umene munthu akachinya aliyense amaona. Koma kuwerenga ankadziwa, ndipo masewera akatha pafoni pankabwera ziwerengero za timu ndi za wosewera aliyense.

Atatha masewera achitatu, a Sizasi anazimitsa makina ometera mutu wa munthu uli theka, n'kuitana telala wa chipinda choyandikana nacho, mnzawo wa miseche.

"Tabwerani muone, akulu. Kuthamanga ndi mpira, ziro. Mamita, ziro. Zigoli, ziro. Masewera atatu athunthu! Mwana wanga kodi anapita kukaonerera?"

Telala anakweza magalasi ake pamphumi, n'kuyandikizitsa foni kumaso.

"Koma apa alemba kuti wagwetsa adani makumi atatu ndi awiri."

"Kugwetsa anthu ndi ntchito ya mlonda wa pabala. Ine ndikunena mpira."

"Ndiye pali kanthu," anatero telala, amene sankalola moto kuzima akaupeza ukufuka. "Amagawa mpirawo ndani?"

Wogawa mpira anali nambala 9, kamnyamata kowonda kosatseka pakamwa. A Sizasi anatsegula ziwerengero zake: anapatsira mpira ka mazana awiri ndi kuposa. Mazana awiri, koma osaponyera Chipika ngakhale kamodzi! Kuyambira pamenepo anayamba kukayang'anitsitsa pakanema wopachikidwa pamwamba pa galasi lometera. Anaona kuti kamamumenya Chipika pamsana n'kumamulozera pokagwada. Anaona kuti kakamwa madzi kamanong'onezana ndi kochi. Anaonanso kuti pa mpando wa odikirira pamakhala chimnyamata china cha nambala 18, chimene ntchito yake inali yofanana ndi ya Chipika, ndipo mphuno yake, kwa a Sizasi, inkafanana kwambiri ndi ya kochiyo.

Apa zonse zinalumikizana. Akumumana Chipika mpira dala kuti mpikisano ukadzatha adzayale ziwerengero patebulo, adzaloze maziro aja, jezi n'kuipereka kwa m'bale wawo. Mantha anawagwira enieni, pakuti mwanayo analibe ntchito ina. Sukulu inamukana, sizasi zinkamugwa m'manja, ragibi yokha ndi imene inamuvomera.

Masana mpongozi wawo, mkazi wa Chipika, anabweretsa chakudya, khanda lili kumbuyo. Anamvetsera nkhani yonse ataima pafupi ndi beseni la mathaulo.

"Bambo, a nambala 3 sawerengedwa choncho," anatero mofatsa. "Taonani m'munsimu, pa ziwerengero za timu. Pokankhana paja sanagonjepo mpira wawo ngakhale kamodzi. Bambo a mwanayu amati nambala yawo ndi imeneyo."

"Imeneyo ndi ya anthu asanu ndi atatu okankha pamodzi. Dzina lake lili pati?"

"Kochi amadziwa."

"Kochi! Inu mwalankhula naye liti kochiyo?"

Mpongoziyo anangotola mbale za dzulo, n'kumapita. A Sizasi anamuperekeza ndi maso mpaka pakhomo. Sanamuganizire choipa, iai, koma anaona kuti nayenso amupusitsa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti masewera a ndime yochotsana achitike, a Sizasi anamuimbira mwana wawo. Chipika anayankha ali m'chipinda cha hotelo, thumba la madzi oundana lili paphewa.

"Iwe, mpira uja umakuotcha m'manja?"

Chipika anaseka. "Ababa, ine ntchito yanga ndi kukankha ndi kutchinga. Othamanga alipo."

"Akuuza choncho ndani? Ka nambala 9 kaja? Tsegula maso, mwana wanga. Akukudyera masuku pamutu. Tsiku lodzakuchotsa sadzafunsa kuti unakankha bwanji, adzawerenga maziro."

"Kochi akuti ndikuchita bwino."

"Ngakhale ine munthu ndikamuboola mutu ndimamuuza kuti watchena. Tamvera. Pano anthu akundiseka. Telala akundifunsa ngati unapita kukanyamula zikwama. Ine ndinakulera ndekha amako atatisiya, sindinakupemphepo kanthu. Mawa ndikufuna ndione nambala pa dzina lako. Kamodzi kokha, tola mpirawo uthamange nawo."

Chipika sanayankhepo bambo ake mwano chibadwire, ndipo mdalayo ankadziwa zimenezo.

"Ndamva, ababa."

Tsiku la masewera kachipindako kanadzaza. Ena anakhala pa benchi, ena pazenera, wina pa mpando wometera weniweniwo akuzungulira nawo. Mpongozi anaima kukhomo akugwedeza khanda. A Sizasi sankaonera masewera, ankaonera nambala 9. Kakatola mpira n'kuponyera kumanzere, iwo ankati, "Mwaona?" Kakaponyera kumanja, "Mwaonanso?" Chipika ankakankha, kugwetsa, kudzuka, kukankhanso, nkhope ili matope okhaokha.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, timu yawo inkatsogola ndi mapointi awiri. Chofunika chinali chimodzi basi: kusunga mpira mpaka wezulo ilire. Wosewera wina anagwa nawo pansi, anzake n'kumutchinga. Chipika anafika, ndipo malo ake anali oti aweramire pamwamba pa mpirawo kuti adani asaufikire. Nambala 9 ankabwera chothamanga akukuwa, akumulozera pogwada.

Chipika anayang'ana mpira uja. Kenako anawerama, n'kuutola.

"Eyaaa!" anakuwa a Sizasi, chipeso chili m'mwamba. "Thamanga, mwana wanga!"

Anathamangadi, mmene chipika chingathamangire. Anagunda mdani woyamba n'kumupitirira. Koma anzake sankayembekezera, ndiye panalibe womutsatira. Adani awiri anamugwetsa ali yekhayekha, wachitatu n'kugwira mpira. Lamulo limati ukagwa uusiye, koma iye anaukumbatira. Wezulo inalira, woimbira n'kukweza dzanja kumbali ya adani, kuwapatsa mpira wa chilango. Womenya wawo anauika pansi bwinobwino, n'kuumenya, mpira n'kudutsa pakati pa mitengo ya golo. Mapointi atatu, masewera n'kutha.

Anthu anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Telala anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya simbi pamoto. Pakanema anaonetsa nambala 9 atagwada pafupi ndi Chipika, atamukumbatira mutu, akumulankhula m'khutu. A Sizasi anayesetsa kupeza chinyengo pankhope ya kamnyamatako, koma kankangolira.

Anatenga tsache n'kuyamba kusesa tsitsi limene anali atasesa kale. Mpongozi sanachoke. Anakhala pa benchi n'kumayamwitsa mwana.

Dzuwa litapendeka foni inalira. A Sizasi anaona dzina la Chipika, n'kuyankha msanga.

"Mwana wanga, woimbira uja amudyetsa. Ndinamuona kuyambira pachiyambi, ankayang'ana iwe wekha..."

"Woimbira sanalakwe, ababa." Mawu a Chipika anali otopa, opanda mkwiyo. "Kochi wandiitana. Akuti pa anthu onse, ine ndi amene sankandidera nkhawa, chifukwa ndimachita zimene tagwirizana. Wandifunsa chimene chinandilowa m'mutu."

"Ndiye wamuuza chiyani?"

"Ndati ndinangoganiza ndekha."

A Sizasi anakhala pa mpando wometera.

"Timu ikadzaseweranso adzayamba ndi nambala 18," anapitiriza Chipika. "Za ine akuti adzaona."

Za mphuno ija mdalayo anangozisiya. Manyazi anawagwira, oti sanawamvepo chiyambire kumeta anthu.

"Ziwerengero zatuluka, ababa. Mwaziona?"

Anali asanazione. Anachotsa foni kukhutu, n'kutsegula, n'kutsika mpaka pa nambala 3. Kuthamanga ndi mpira, kamodzi. Mamita, asanu ndi limodzi. Kulakwira malamulo, kamodzi.

Anabwezera foni kukhutu. Mwanayo anali akudikirabe.

"Ndaziona."

"Muwaonetse a telala," anatero Chipika. "Maziro aja achoka."