Khola la pansi pa lole

Nkhuku za mwana wanga zinayamba kuwodzera titangobwerako ku msika wa kutsidya kwa malire. Zotsala pa malonda tinaziphatikiza ndi zinzake m'khola, basi zonse mapiko pansi, makosi kupindika. Mwanayu anachoka ku banja ndi khanda kumsana, ndipo nkhukuzo ndiye zinali moyo wake.

"Amayi, zafanso zina," anatero m'mawa.

"Usandilirire pano. Kaitane alangizi a ziweto."

Chitsegulireni malire, malonda ankayenda. Msonkho kulibe, kudikira kulibe. Ife ndi anzathu a kutsidya tinkakweza makola pa lole imodzi. Kenako amalonda ena anati ngati msika ndi waufulu, bambo woyeza ziweto pachipata achokenso, amatichedwetsa. Anachokadi. Ine sindinayankhulepo, ndinali kalikiliki kunenerera mtengo ndi dalaivala. Ndinamupanikiza mpaka anati, "Mayi inu, mudzanenerera ndi bokosi la maliro anu lomwe! Ikani khola lanulo pansi, m'motchipa."

Alangizi atafika anayang'ana zitosi zobiriwira za nkhukuzo n'kupukusa mutu.

"Chitopa ichi. Pa lole munaziika pati?"

"Pansi."

"Pamwamba panali za yani?"

"Ndidziwa bwanji? Ine ndimagulitsa nkhuku, sindifunsa mayina."

"Zitosi za nkhuku zodwala zinkagwera zanu, mayi. Pamene padutsa malonda, matenda amadutsanso pomwepo. Woyeza uja ankakutetezani nonse."

Tinazikwirira zonse kuseri kwa nyumba.

Tsiku la msika ndinakwera pa lole pomwepo n'kuyamba kukalipira amalonda a kuno ndi a kutsidya omwe. Kunapezeka kuti ambiri anakwirira ngati ife, ankangobisa. Tinapita limodzi ku maofesi a mbali zonse ziwiri. Woyeza anabwerera pachipata, katemera timapereka tonse tsiku limodzi, ndipo nkhuku yodwala sikwera lole, ngakhale ikhale ya mkazi wa dalaivala.

Khola la mwana wanga ladzazanso. Koma anachita kuyambira pa anapiye, ndipo ndikamuona mmene anaondera pa nthawi imeneyo, ndimati ndikanatsegula pakamwa kale.

Anzanga, mtengo nenererani mmene mungathere, ndi ufulu wanu. Koma zoteteza tonse, monga woyeza ndi katemera, musazichotse kuti mufulumire. Zikachoka, wolira ndi amene ali pansi pa lole.