Zidole Zopanda Nkhope

Inu, mwamva zomwe anthu akhala akunong'onezana? Akuti atelala aja sanafe imfa wamba, eti pansi pa bedi lawo panapezeka thumba lodzaza zidole zopanda nkhope. Zidole za zigamba, manja ndi miyendo zilipo, koma kumaso kuli mbee!

Olira atangobalalika, achimwene a malemu anakokera thumbalo pabwalo, machesi ali m'manja.

"Alamu, izi tiwotche lero lomwe. Mukufuna anthu aziwoloka msewu akakuonani?"

Mkazi wa malemu anangogwira tsaya. "Ine ndikafunsa ankangoti ndi ntchito."

Pakhonde panali mwana wawo wotsiriza, yemwe aliyense amamutcha Wayilesi chifukwa cholongolola. Koma chimwalirireni bambo ake, Wayilesi anali atazima. Kulira osalira, kuyankha osayankha.

Ndiye pa geti panalowa anamwino a kuwodi ya ana, atabwera kudzapepesa mochedwa. Kungoona thumbalo, anaponya chikwama pansi.

"Aaa! Mukuwotcha? Ana anga akudikira zimenezi!"

"Ana anu azitani nazo zinthu zopanda maso?" anatero achimwene aja.

"Maso amajambula okha, bambo. Mwana amene waona zoopsa ukamufunsa chikumupweteka, sakuyankha. Koma akajambula nkhope, n'kumufunsa kuti chidolechi chikulira chiyani, amakhuthula zonse. Tsiku lina ndinawapempha malemu kuti azisokapo kakumwetulira. Anakana. Akuti akatero, mwana aziona ngati kulira n'kulakwa."

"Ndiye mumawalipira?"

"Kulipira? Ndi ulusi womwe ankagula okha."

Achimwene anakanda m'mutu, koma machesi sanawasiye.

Anamwino anatola chidole chimodzi n'kuchiika pamwendo pa Wayilesi, pamodzi ndi cholembera. Mwana uja anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anajambula maso awiri, magalasi opendama, ndi kamwa lomwetulira lokhala ndi timizere titatu totulukira kunja.

"Nanga timizereto?" amayi ake anafunsa chapansipansi.

"Ndi mapini," anatero Wayilesi, mawu ali osasa. "Adadi akusoka. Musawaseketse, angameze."

Amayi aja anaseka, misozi ili chuchuchu, ndipo mwana naye anayamba kulira, kulira kwenikweni, chidole atachipanira pachifuwa.

Achimwene anagwada n'kuyamba kutolera zidole zomwe zinagwera pansi, akuzikuntha fumbi chimodzichimodzi.

Tsono inu amene munkanong'ona zija, izi nazo mukanena?