Mkute wa m'chitini

Mayi Sabina a kumapiri a Ntchisi alima khofi kuyambira ali mtsikana, koma wa m'chitini anamuonera kwa mkamwini wawo. Mnyamatayo, Benjamini, anafika Loweruka kuchokera ku Joni, kumene amagwira ntchito pafakitale yaikulu ya khofi. Chimene anadzera mudzi wonse unkachidziwa: kupempha chitengwa, kuti mkazi wake Margareta, mwana mmodzi yekhayo wa mayiwa, akakhale naye kumeneko. Mayi Sabina sankafuna n'kumva komwe. Ngakhale ku Lilongwe, kumene mwanayo ankati akugulitsa m'sitolo, iwo ankaona kuti n'kutali kale.

Tsono mkamwini sayankhulana ndi apongozi ake maso ndi maso. Benjamini anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, mayi Sabina kuseri kwa nyumba ndi Margareta, amene anali atabwera kudzacheza, ndipo mawu ankayenda nawo a Nowa, alongo awo a mayiwo. Koma abale, munthu wake womutuma! A Nowa khutu lakumanzere linagontha kalekale, lakumanjalo limangomva zimene lafuna.

Chitini chitaperekedwa ngati mphatso, mayi Sabina anatsegula, ananunkhiza, n'kufunsa kuti nanga njere zake zili kuti. A Nowa anapita, anabwera. Akuti fakitaleyo inamangidwa agogo ake a Benjamini asanakwatire. Akuti khofi amamukazinga, kumupera, kenako kumuphika m'mathanki otalika ngati tchalitchi cha pamishoni. Kumuphika? Ee, kumuphika. Nanga amamwa ndani? A Nowa anapita, anabwera. Akuti palibe amamwa, amamuumitsanso.

Apa mutu wa mayi Sabina unaima. Munthu aphike chinthu, osadya, achiumitse, achitsekere m'chitini, n'kuchinyamula mpaka ku Ntchisi? Kwathu kuno chophikidwa dzulo timati mkute, ndipo mkute timapatsa ana m'mawa, osati apongozi. Kodi mnyamatayu akuwanyoza? Kapena n'kusauka chabe, kuti kumeneko anthu amakhalira zotsala? Anatumanso a Nowa kuti akafunse bwinobwino mmene amamuumitsira, chifukwa iwo sanaonepo munthu akuyanika madzi padzuwa. A Nowa anachedwako, n'kubwera akupukusa mutu: akuti amakwera naye pansanja yaitali n'kumutayira pansi.

Ndiye kuti amachita kusesa! Mayi Sabina anakankhira chitinicho kutali ndi phazi. Anauza a Nowa kuti akanene kuti mwana wawo sapita kudziko kumene anthu amamwa zosesa. Kunena zoona sanamvetse chilichonse cha nsanjayo, koma mumtima anakondwa kuti apeza pokanira.

Margareta, amene nthawi yonseyi ankangosenda chinangwa, analephera kupirira.

"Ayi amayi, atsibweni sanamve bwino, samutaya. Amamupopera ngati mankhwala a m'munda, ndiye m'nsanjamo muli mpweya wotentha, akamafika pansi amakhala atauma kale. Kutentha kwake mukadakumva. Ngakhale ife otseka zitini thukuta limachita kuyenderera, ndipo fungo lake silichoka m'tsitsi."

"Ife?" anatero mayi Sabina.

Mpeni unaima m'manja mwa Margareta. Atazyolika anaulula kuti ku Lilongwe anangodutsako pabasi. Chiyambire dzinja lathali ali ku Joni, kwa mwamuna wake, ndipo ntchito anaipeza pafakitale pomwepo. A Nowa, ogonthawo, ulendo uno anamva zonse, ndipo anayamba kuthamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu. Iwonso ankadziwa.

Mayi Sabina zinawapweteka kwambiri, koma sanadziwe womukalipira. Mwana wawanamiza, inde, koma ndi wonenepa bwino, nkhope yosalala. Mkamwini wawabera, komanso ndi uyo wakhala mwaulemu, chipewa pabondo, kupempha chinthu chimene anatenga kale. Nanga iwo akati ayi, akana chiyani? Akati inde, avomera chiyani? Anayang'ana mitengo yawo ya khofi kumtunda, yofiira ndi zipatso zofuna othyola awiri, ndipo misozi inalengeza.

Kenako anadzuka, anamanga chitenje, n'kuzungulira nyumba. A Nowa anayesa kuwatchinga, iwo anangowalambalala. Benjamini ataona apongozi ake ataima pamaso pake anadzambatuka, n'kusowa koyang'ana.

"Basi yanu inyamuka liti?"

"Lachitatu, amayi."

"Ndiye mpaka Lachitatulo Margareta azigona m'nyumba mwanga."