Waya Wopita Kuseri kwa Mpanda

Dokotala wa maso sanachulutse gaga m'diwa. Anati opaleshoni ya ng'ala yayenda bwino, bambowo agone m'chipatala tsiku limenelo, mawa masana akhoza kupita kwawo. "Koma asawerame, asanyamule zolemera, ndipo chonde asagwe," anatero.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anali nesi pa chipatala china, anangoti chabwino, koma mtima wake unali utafika kale kunyumba kwa bambo akewo. Mkuluyu, amene anthu ankangomutchula kuti aFyuzi, anakalambira pa ntchito yokonza mawailesi. Chimwalirireni mkazi wake ankakhala yekha, ndipo mawaya anali atalanda nyumba yonse. Ena ankachokera pa soketi ya pabalaza n'kudutsa pakhomo la kuchipinda, ena ankalendewera pamwamba pa kabati ngati mpesa, wina ankapita ku sipika ya kukhitchini. Mwini wake ankawadziwa onse ndipo ankawalumpha osayang'ana n'komwe. Koma ndi diso limodzi lomata bandeji, linalo loona mwachimbuuzi, nesi anadziwa kuti pamenepo pagwa munthu.

Anaimbira mwamuna wake, yemwe anzake ankamutcha Wamtali. Ntchito yake inali yoyala nthambo za intaneti m'maofesi.

"Mubwere ndi chikwama chanu cha zida. Tikakonze kwa bambo asanatuluke."

"Iwo avomera?"

"Ali m'tulo. Avomera akadzuka."

Wamtali anapumira m'mwamba. Apongozi akewo sanamulolepo kugwira ngakhale pulagi m'nyumba mwawo. Ankakonda kumuseka kuti waya amene sagwira munthu si waya, ndi chingwe choyanikira zovala.

Anayamba ntchito dzuwa litapendeka. Wamtali anazimitsa magetsi, n'kugwada pabalaza kuyamba kumasula mfundo. Waya aliyense ankamutsata ndi dzanja mpaka kumene wathera, kenako n'kumukhomera m'munsi mwa khoma ndi timakilipi ta misomali. Pamene mawaya angapo ankalowera kumodzi ankawasonkhanitsa n'kuwamanga ndi timalamba ta pulasitiki tija tokoka kamodzi osamasukanso, n'kudula michira yake. Odutsa pakhomo anawakweza, n'kuwazunguliza pamwamba pa felemu ya chitseko m'kampopi koyera kotseka ndi chivundikiro. Nesi ankasesa m'mbuyo mwake, akutola tepi wakale, mabatire otha ndi timisomali.

"Taonani, pansi pano pali simenti yofiira," anatero. "Ine ndinaiwala."

Pomaliza panatsala kawaya kamodzi kopyapyala, kotuwa ndi fumbi. Kankachokera kunsi kwa bedi, kumene kunali mabokosi a zinthu zakutha, n'kudutsa pakati penipeni pa chipinda, kutulukira pa kabowo ka pazenera. Wamtali anatuluka panja kukakatsata. Kanatsika ndi khoma, kanakwawa m'udzu, n'kulowa pansi pa mpanda. Anakayeza ndipo munalibe moto.

"Mwina ndi eriyo yakale," anauza mkazi wake. "Koma ndi kakafupi, sikangafike m'mbali mwa khoma. Tikasiye?"

"Pamenepa ndi pamene amatsikira pabedi. Dulani."

Wamtali anadula pazenera, anakulunga mbali ya m'nyumbayo bwinobwino, n'kuikankhira kunsi kwa bedi.

Mawa lake masana anabwera nawo aFyuzi pa galimoto ya mnzake wa Wamtali. Mkuluyo analowa atagwira mkono wa mwana wake. Atafika pakhomo la pabalaza anakweza phazi kulumpha waya amene panalibe. Anaima. Anapapasa khoma, zala zake zikuyenda pa timakilipi.

"Ndani wachita izi?"

"Ndife, bambo," anayankha nesi msanga. "Dokotala wati musagwe."

AFyuzi anapitiriza kupapasa mpaka pa mtolo wa kuseri kwa wailesi yakanema. Anaukoka pang'ono, sunagwedere. "Hmm," anatero. Wamtali anayang'ana mkazi wake, mapewa ake n'kutsika.

Anawakhazika pabedi. Asanavule n'komwe nsapato, mkuluyo anapisa dzanja kuseri kwa mutu wa bedi n'kudina kenakake. Anatchera khutu. Anadinanso, n'kudikira.

"Bwanji sakuyankha?"

"Ndani, bambo?"

"Aneba. Mayi atelala a kuseriku." Anadinanso mwamphamvu. "Ndinawauza kuti ndikangofika ndiliza belu."

Wamtali anayang'ana pazenera. "Apongozi, belu limeneli limayendera waya uti?"

"Kakang'ono kotuwa, kotulukira pazenera."

Wamtali anatembenukira kwa apongozi ake. "Ndinakadula dzulo."

"Ndinawauza ndine," nesi anatero.

AFyuzi sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinaopsa ana awo. Anayankhula motsitsa. Mayi atelalawo, anatero, amakhala okha, amadwala shuga ndipo mawondo anawathera pa makina osokera. Chaka chatha anagwa kubafa, anakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuitana popanda womva. Foni saidziwa bwino, ndiponso nthawi zonse imakhala yothima. N'chifukwa chake iwo anawalumikizira belu la mabatire, batani uku, batani uko. M'mawa uliwonse mayiwo amaliza kamodzi kusonyeza kuti adzuka, iwo n'kuyankha. Likalira kosalekeza ndiye kuti kwagwa zina.

"Ndinawasiyira mawu kuti dzulo ndi lero m'mawa ana anga akhala akubwerabwera pano, akamva belu athamanga. Ndinaiwala kukuuzani inuyo. Mutu unali pa diso."

Nesi anali atatuluka kale. Wamtali anam'tsatira, ndipo m'mbuyo mwawo anamva mkuluyo akukokera mapazi. "Bambo, khalani pansi!" anakuwa nesi, koma anadziwa kuti akungotaya mawu.

Nyumba ya atelala inali yotseka, makatani onse ali chitsekere. Pakhonde panali tsache ndi masamba osasesa. Nesi anagogoda, anaitana, anamenya chitseko ndi chikhatho. M'kati munkamveka wailesi ikuyankhula yokha. Anasuzumira pa bowo la loko n'kuona kuti kiyi ali m'kati.

"Mayi! Mayi, ndife a kuseri!"

Palibe anayankha. AFyuzi anafika atagwira mpanda, akupuma mwabefu, bandeji ili mbee padzuwa. Anangokhala pa sitepe n'kugwira mutu.

Wamtali anazungulira nyumba. Kazenera ka kukhitchini kanali kotsegula pang'ono. Anakwera pa ndowa, analowetsa mutu ndi mapewa, n'kudzikoka mpaka anagwera m'sinki, mbale zili gobede gobede. Anadutsa pabalaza pomwe panali makina osokera ofunditsidwa nsalu. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka. Anachikankha pang'onopang'ono, akuopa chimene akaone.

Mayi atelala anali pansi pakati pa bedi ndi kabati, atatsamira khoma, bulangete lili m'miyendo. Maso anali otseka, kukamwa kuli yasa. Pambali pawo panali makoko a nthochi ndi kapu yopanda kanthu.

"Mayi?"

Diso limodzi linatseguka, kenako linalo. Anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu.

"Ndiwe wakuba kapena ndiwe mngelo?"

"Ndine mkamwini wa aFyuzi, mayi."

"Ndiye wachedwa. Tandidzutsa, msana wauma."

Wamtali anaseka, koma maso anali atadzaza misozi. Anathamanga kukatsegula chitseko cha kumaso. "Ali moyo! Akulongolola!"

Nesi anagwada pambali pawo, anawagwira pamkono, anawapapasa m'chiuno ndi m'mutu, akuwafunsa mafunso. Palibe fupa linathyoka. Mayiwo anati m'mawa potsika pabedi bondo linangopinda lokha, n'kutsetsereka mpaka pansi. Kudzuka kunakanika. Batani analifikira ndi ndodo, analidina mpaka mkono unatopa. Ataona kuti kulibe yankho anakoka bulangete, anadya nthochi zomwe amasunga pa katebulo chifukwa cha shuga, kenako tulo tinawaba. Kugogoda sanakumve chifukwa khutu labwino anagonera nalo kukhoma.

Awiriwo anawanyamula n'kuwakhazika pabedi. Nesi anawayeza shuga ndi kamakina kawo, anapeza kuti watsika pang'ono chabe, ndipo anapita kukateleka madzi a tiyi. AFyuzi analowa akupapasa felemu ya chitseko.

"Aneba, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya inu a diso limodzi? Ine ndimati mwafera pa tebulo la dokotala. Ndinayamba kale kuganiza kuti ndivala chiyani pamaliro."

"Belu linaduka."

"Belu lanu lija mumalitama kuti silingafe?"

"Silinafe lokha. Analipha ana angawa pofuna kundisamala."

Wamtali anawerama mutu. "Pepani kwambiri, mayi. Sindinafunse."

"Ukanafunsa ndani, mwini wake ali chigonere?" Mayiwo anagwedeza dzanja. "Munthu wokonza m'nyumba ya apongozi ake ndi wosowa masiku ano. Mkamwini wanga anangobwera kudzatenga firiji."

Atamwa tiyi, Wamtali anakatenga chikwama chake. Kawaya kakaleko atakafukula m'udzu anapeza kuti kanali katasupuka m'malo ambiri, mwina ndi khasu, mwina ndi makoswe, moti mvula ikanangobwera kakanaleka kokha kugwira ntchito. Sananene zimenezi. Anangotulutsa mkukutu wa waya watsopano.

AFyuzi anakana kukagona. Anawaikira mpando pamthunzi pafupi ndi mpanda, nesi ataima pambali kuti asawerame, ndipo anayamba kulamula ngati kapitawo.

"Musaudutsitse pansi, apongozi. Ukwere ndi nsanamira."

"Ndi momwe ndikuchitira, bambo."

"Timalamba tanuto musakoke kwambiri, mungautsamwitse."

Wamtali anauyendetsa pamwamba pa mpanda, akuumanga ku waya wa mpandawo pafupipafupi, kenako anaulowetsa m'kampopi mpaka pansi pa denga la atelala. M'chipinda mwawo anaukhomera m'mbali mwa khoma. Batani lakale analisiya pamalo pake, koma anawonjezera lina m'munsi, poti munthu ali pansi alifike ndi dzanja, ndi linanso kubafa. Kwa apongozi ake anauzunguliza kuseri kwa kabati mpaka ku kabokosi ka belu, komwe anakatulutsa kunsi kwa bedi n'kukakhomera pakhoma kuti kazimveka mpaka panja.

"Tadinani, mayi!" anakuwa nesi ali pampanda.

Belu linalira m'nyumba ya aFyuzi, mawu ake okhadzula ngati a bakha. Mkuluyo anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Anatumiza mwana wake kukayankha, ndipo kuseri kunamveka kulira kwina, kenako mawu a atelala: "Lamveka! Basi, musandigonthetse khutu latsalali!"

Nesi anaganiza zogona komweko masiku angapo kuti aziyang'anira onse awiri. Anawathira bambo ake mankhwala m'diso, anawagoneka chagada monga ananenera dokotala, ndipo posakhalitsa mkuluyo anayamba kuliza mkonono. Nesi anatuluka kukaperekeza mwamuna wake kumsewu. Dzuwa linali likulowa, ana a sukulu akubwerera m'magulumagulu.

"Lero ndinachita mantha," Wamtali anatero. "Pamene ndimakankha chitseko chija, ndinali nditayamba kale kuganiza kuti ndikawauza chiyani bambo."

"Inenso. Ndinaona masamba aja pakhonde, mtima unangoti phwii."

Anayenda pang'ono. Kenako nesi anatsalira m'mbuyo, anayang'anitsitsa, n'kuphulika kuseka mpaka kugwira mawondo.

"N'chiyani?"

"Thalauza lanu. Lang'ambika kumbuyo konseku, kuyambira pa lamba."

Wamtali anapapasa n'kupeza kuti n'zoona. Kazenera ka kukhitchini kaja kanali katatenga gawo lake. "Ndiye ndakhala ndikukwera mpanda chonchi, pamaso pa apongozi?"

"Iwo saona bwino, musadandaule. Koma mayi aja aona zonse. Anandinong'oneza kuti mubwere nalo mawa, akusokerani."

Wamtali anavula jekete, analimanga m'chiuno, n'kuimitsa basi.